Mayi Rina Andiphunzitsa Kufa

Lolemba

Amayi akutchalitchi kwathu ku Tottenham andisankha kukhala Dorika m'sewero la Lamlungu lino. Ntchito yanga: kudwala, kufa, kudzutsidwa ndi Petro. Chibadwire sindinapatsidwepo mbali yokhala ndi dzina. Ku Sande sukulu kwathu ku Dedza ndinkangokhala nkhosa. Ndasangalala, sindibisa.

Kuntchito, kunyumba yosungirako okalamba ku Wembley, ndikuwauza Mayi Rina uku ndikuwapesa. Iwowa ndi mmwenye, Mbengali wa ku Kolkata, ankasewera m'mafilimu ndi pa TV asanatsatire mwana wawo kuno. Akuti moyo wawo wonse mbali inali imodzi: mayi wa mnyamata wam'filimu, amene amamwalira filimu isanafike pakati. Akuti andiphunzitsa. "Kufa si kugona, mwanawe."

Lachiwiri

Phunziro loyamba. Zofunika:
- kutsokomola, koma mwaulemu
- kuyang'ana kudenga ngati kukudontha
- kukhululukira anthu, mmodzimmodzi
- dzanja ligwe lokha, pomalizira penipeni

Akundionetsa kaseti ya vidiyo. M'menemo avala nsalu yakwawo, sari yoyera, kunja mvula, ana azungulira bedi. Tiyi wanga wazizira asanatsirizike.

Lachitatu

Kuyeserera kutchalitchi. Ndikufa monga ndaphunzirira. Mayi Tembo a ku Chipata, oyendetsa sewero, maso ali pa wotchi. Ndili pakati pokhululukira amasiye, iwo: "Amake, fani chabe, banthu bali na ma shift." Petro watopa kudikira, wapita kukasuntha galimoto.

Lachinayi

Mayi Rina akuti vuto n'loti ndinafa mothamanga. Andionetsa okha, pabalaza, nthawi ya tiyi. Atsokomola, akhululukira wophika, dzanja lagwa. Nesi watsopano waitana ambulansi. Yafika, Mayi Rina akutsegula maso n'kufunsa anyamatawo ngati zinaoneka bwino kuchokera pakhomo.

Manejala wandiitanira mu ofesi. Akuti panyumba pano anthu amafa zenizeni, tisamasokoneze.

Lachisanu

Kuyeserera m'basi. Kutsokomola mwaulemu kwandipezera mpando wonse ndekha.

Masana, meseji ya Mayi Tembo: Dorika tsopano ndi Mayi Nkhoma, amene amafa msanga. Ine ndine wamasiye wachitatu, wonyamula malaya amene Dorika anasoka. Wopanda dzina, wopanda mawu. Zandiwawa kwambiri. Ndalirira m'chipinda chochapira, misozi yeniyeni, popanda woonerera.

Loweruka

Mayi Rina sindinawauze. Asititsa sari yawo yabwino, alamula mwana wawo kuti mawa awatengere ku Tottenham kukaona "wophunzira wanga". Akuti chichokereni ku Kolkata palibe anawafunsapo za ntchito yawo, ndine ndekha. Ndatsegula pakamwa kuti ndiulule. Ndangowafunsa ngati shuga wakwana.

Lamlungu

Afika pa chikuku chawo, mzere wakutsogolo. Mayi Nkhoma agona pabenchi, basi amwalira. Imfa yosauka zedi! Ine ndaima kumbuyo ndi malaya. Mayi Rina andiyang'ana, ayang'ana mtembo, andiyang'ananso.

Kenako akuyamba kulira. Osati kukuwa ayi. Mlomo kunjenjemera, msozi kutsika pang'onopang'ono, mawu a Chibengali chapansipansi. Mpingo wonse watembenuka. Amayi akulira nawo osadziwa maliro ndi a yani, abusa atsika kudzawasanjika manja, wa kamera wasiya sewero. Petro akufuula kuti Dorika dzuka, Dorika wadzuka, womuona palibe kupatula ine. Ndamupatsa malaya ake.

Pakhomo Mayi Rina andigwira dzanja, maso ouma ngati sanalirepo. "Anakulanda mbali yako," akundinong'oneza, "ifenso tawalanda sewero lonse."

Mayi Tembo sakundiyankhula. Akuti pa Khirisimasi pakufunika nkhosa.