Moto Samanana

M'mudzi wina, umene dzina lake tilibisa posunga ulemu wa eni ake, mudali mitengo ya magetsi khumi ndi iwiri yopanda waya. Idazikidwa chaka china cha chisankho, ndipo kuyambira pamenepo yakhala ikutumikira anthu mokhulupirika: amamangirirapo mbuzi, amamatapo zidziwitso za misonkhano. Choncho wonena kuti chitukuko sichidafike m'mudzimo ndi wabodza. Chidafika ndithu, kungoti chidaiwala katundu wina m'njira.

Tsiku lina kudabwera anthu a bungwe lina lachifundo atanyamula mbale yoyera yaphanthiphanthi. Adati mbaleyo ikayang'ana kumwamba imakoka intaneti kuchokera ku makina oyenda mumlengalenga. Adajambulitsa zithunzi, adagwirana chanza ndi aliyense amene adavala jekete, n'kumapita. Fumbi la galimoto yawo litatha, m'pamene wina adanyamula chingwe cha mbaleyo n'kuona kuti kumapeto kwake kuli mano atatu ofuna khoma la magetsi. Khoma lotero m'mudzi monse mudalibe.

Kwathu kuno vuto likagwa sitithamangira kulithetsa ngati anthu opanda mwambo. Timayamba tasankha komiti. Idasankhidwa ya anthu khumi ndi mmodzi, ndipo mpando udagwera Bambo Wisikesi Chapola, amene kale adagwirako ntchito yaumesenjala kuboma n'kubwerako ndi chikwama chachikopa komanso chizolowezi chokhosomola asadayankhule. Udindo wawo wonse udali Wapampando Wamkulu wa Komiti Yoona za Mbale, Mlengalenga ndi Zina Zotero, koma pofuna kusunga mpweya anthu ankangoti a Tcheya. Mudalinso Wachiwiri kwa Wothandizira Mlembi, ndi Mkulu Woyang'anira Kumene Mbale Yayang'ana.

Komiti idakumana katatu, ndipo pamsonkhano wachitatu idatulukira chinthu chimene aliyense ankachidziwa kale, chakuti m'mudzi monse moto woyendetsa makina uli malo amodzi okha: m'batire la galimoto ya Bambo Loti Mangulenje.

Galimoto imeneyi idali ya matola, yokhayo m'mudzimo, ndipo zaka zake zidaposa za ana ena a mwini wake amene adali kale pabanja. A Mangulenje ankaiimika pachitsikiro cha kutchalitchi, mphuno itayang'ana kumunsi, kuti tsiku limene yadzuka ndi mkwiyo azingoimasula mabuleki n'kulira yokha. Batire lake ankalipukuta m'mawa uliwonse asadasambe kumaso.

Amene ankadalira batire limeneli kuposa onse adali Mayi Dorika Nanyoni. Miyezi itatu adakhala akutunga madzi kumtsinje ndi ndowa kuthirira dimba lawo la matimati, ndipo tsopano matimatiwo adali atapsa onse pamodzi, madengu khumi ndi awiri. Lole ya wogula wochokera mumzinda inkaima pamsika wa patauni yaing'ono Lachisanu lokha, n'kunyamuka dzuwa lili paliwombo. Matimati akaphonya Lachisanu limenelo, Lachisanu linalo akadakhala ndiwo za ntchentche.

M'mudzimo mudali lamulo limodzi losalembedwa limene ngakhale osapemphera ankaliopa: moto samanana. Munthu akafika pakhomo panu ndi phale kudzapala moto, mumampatsa, ngakhale dzulo lake munatukwanizana pa malire a munda. Tsono Lolemba m'mawa komiti yonse idandandalikana kupita kwa a Mangulenje, a Tcheya ali patsogolo, chikwama kudzanja lamanzere, phale kudzanja lamanja.

"Odi kuno! Tabwera kudzapala moto."

A Mangulenje adaloza kukhitchini.

"Osati umenewo, achimwene," adatero a Tcheya atakhosomola. "Wa m'galimoto."

"A Tcheya, moto wa batire si wa nkhuni. Wa nkhuni mukapala, mwini amatsala nawo wathunthu. Uwu mukapala umachepa, ndipo umabwerera pokhapokha injini ikamayenda."

"Achimwene, ine ndakula ndikupala moto. Sindinaonepo mafuwa a munthu atazizira chifukwa chogawira mnzake. Kapena mukufuna tilembe kuti mwatimana?"

Mlembi adatsegula kope. A Mangulenje adayang'ana cholembera chija, adaganiza za tsiku limene adzafune anthu okumba manda, n'kuvomera.

Ntchito yake adaigwira mwaluso, pakuti munthu amene wasunga moyo wa galimoto yotere ndi mawaya otola sachita mantha ndi mbale. Adapita kutauni n'kubwerako ndi kabokosi kokweza mphamvu ya batire kuti ifike pamene mbale imafuna. Adadula mano atatu aja, waya wofiira adaumanga kumutu wofiira wa batire, wakuda kumutu winawo, pakati n'kuikapo fyuzi. Pomaliza adalumikiza kachipangizo kena kakang'ono kamene adakatcha kamlonda. Ntchito yake idali imodzi: moto ukatsika kufika poti galimoto singalire, kamlonda kazidula mbale osafunsa munthu.

Pachitsikiro cha kutchalitchi mitengo ya mango inkatchinga kumwamba, choncho Mkulu Woyang'anira Kumene Mbale Yayang'ana adalamula kuti galimoto ikaime pakati pa bwalo la mpira, posalala ngati mphasa. A Mangulenje adamvera, koma mtima wawo udatsala pachitsikiro.

Lachitatu mbale idagwira. Mafoni amene zaka zonsezi ankagwira ntchito ya tochi adayamba kulira okha m'matumba. Anthu adaona nkhope za abale awo a ku Joni, ena adaona kuti abale awowo anenepa kuposa mmene amanenera m'makalata. Kudali chimwemwe chenicheni, ndipo ngakhale ine amene ndimakonda kunyoza, pamenepa sindinyozapo.

Lachinayi kudali mwambo wotsegulira. Adayankhula Mlembi, adayankhula Wothandizira wake, adayankhulanso Wachiwiri kwa Wothandizira pothokoza awiri oyambawo. Mafoni makumi anayi adali atayamwa intaneti kuyambira m'mawa. A Tcheya adaimirira dzuwa litapendeka, foni itaimikidwa patebulo kuti mlamu wawo wa ku Joni aone ndi maso ake mtundu wa munthu amene mlongo wake adakwatiwa naye. Atangofika pa mawu akuti "lero mdima watha", nkhope ya mlamuyo idauma, kenaka idazimirira.

"Wazimitsa ndani?"

"Ndi kamlonda, a Tcheya," adatero a Mangulenje. "Kaona kuti moto watsala wolizira galimoto basi."

"Kamlonda? Kali mukomiti?"

"Ayi."

"Kadasankhidwa ndi ndani?"

Komiti idakhala pansi nthawi yomweyo n'kukazenga mlandu kachipangizoko. Kadapezeka kolakwa pa milandu iwiri: kudula mawu a Wapampando, ndi kumana anthu moto, chinthu chimene chiyambire mudziwo sichidachitikepo. Chilango chake chidali kuchotsedwa paudindo.

Mayi Nanyoni adaimirira pakati pa amayi anzawo. "Pepani a Tcheya, mawa ndi Lachisanu. Matimati anga ali kale m'madengu."

"Mayi, mbaleyi tabweretsera inu nomwe. Kuyambira lero muzidziwa mmene matimati akuyendera dziko lonse lapansi."

"Ine ndikungofuna anga ayende kufika patauni."

Anthu adaseka, Mlembi adalemba kuti mayi wina wayamikira, ndipo a Mangulenje adamasula kamlonda n'kukaika m'thumba la malaya. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la komiti lili ndi chikopa cha mvuu.

Lachisanu m'mawa mbale idali ikuyamwabe. Mayi Nanyoni ali pakati pokweza madengu m'galimoto, foni yawo idalira. Udali uthenga wa wogula uja, woyamba kufika m'mudzimo pa nkhani ya malonda chilengedwere dziko: lole inyamuka dzuwa lili paliwombo, sidikira munthu. A Mangulenje adakhala pampando wawo, adapotokola kiyi. Galimoto idati kwe, idatinso kwe motsitsa mawu, n'kukhala chete.

"Mwaona ubwino wa mbale?" adatero a Tcheya. "Pakadapanda iyoyi, mayi, simukadadziwa n'komwe kuti mukuchedwa."

A Mangulenje adati njira ilipo: achotse mbale, anthu akankhe, injini ikalira batire lidzadzibwezera lokha m'njira. Anthu adavula nsapato kukonzekera. Koma komiti idaona kuti kuchotsa mbale n'kudula mudzi ku dziko lapansi, zimene sizingachitike pasadathe ndi tsiku limodzi lomwe chitsegulire. Choncho mbale iyenera kupita ndi galimoto. Ndipo popeza katundu wa mudzi sayenda wopanda omuyang'anira, komiti iyenera kupita ndi mbale. Atakwera onse khumi ndi mmodzi, padapezeka kuti malo a madengu achepa.

"Tsitsani kaye matimatiwo," adalamula a Tcheya ali pampando wakutsogolo. "Ife titsogole tikauze wogulayo kuti akubwera ulendo wachiwiri."

Anthu adakankha. Pabwalo losalala galimoto yodzaza komiti imalemera kuposa maliro. Adazungulira bwalo katatu, a Tcheya atatulutsa mutu pawindo kulimbikitsa mzimu wodzidalira. Ulendo wachitatu injini idatsokomola, idalavula utsi m'maso mwa okankha, n'kuthamanga. Mafoni onse m'mudzi adabwerera ku ntchito yawo ya tochi.

Mayi Nanyoni adaima pakati pa madengu awo, misozi ili m'maso, ndipo idali misozi ya mkwiyo. Sadadikire ulendo wachiwiri. Adathamangira kwa mlamu wawo kukabwereka ngolo ndi ng'ombe ziwiri, amayi anzawo adawathandiza kukweza. Pangolo ulendo wa kutauni ndi wa maola anayi, ndipo maola amene adatsala adali anayi omwewo.

Pakati pa njira pali dambo, mtunda uku mtunda uko. Pamenepo m'pamene galimoto idamwa madzi n'kuzima. Batire, limene mbale ndi mafoni khumi ndi imodzi adali kulikama njira yonse, lidalibe cholizira. Komiti idatsika, idakhala pamthunzi n'kukambirana za woyenera kukankha. Padapezeka kuti palibe membala amene udindo wake umatchula kukankha. Idagwirizana kuti kukankha ndi mbali ya anthu akumudzi pa chitukuko, ndipo ndi moto wotsiriza wa m'batire a Tcheya adatumiza uthenga kwa aliyense wa m'mudzi amene ali ndi foni: "Bwerani nonse mudzatikankhe." Kenaka mbale idazima. Komiti idadikira mosatekeseka, podziwa kuti masiku ano uthenga suchedwa.

Patapita maola awiri kudamveka phokoso la ngolo. A Tcheya adaimirira, adakonza tayi.

"Mwachedwa, mayi. Enawo ali kuti?"

"Ena ati, a Tcheya?"

"Okankha. Uthenga wathu simunaulandire?"

"Tiulandira bwanji? Intaneti mwanyamula ndinu."

A Tcheya adayang'ana mbale, mbale idayang'ana kumwamba. Mlembi adafunsa ngati zimenezi alembe.

A Mangulenje adali atamasula kale batire lawo, atalifungata ngati mwana wodwala. "Mayi, ngati pangapezeke kamalo, ndikalidzazitse moto kutauni."

"Kwerani, bambo. Samalani dengu la kumbuyolo."

Ng'ombe zidalowa m'madzi, ngolo idalambalala galimoto bwinobwino. Ataona kuti batire likupita, a Tcheya adathamangira m'mbali mwa ngolo, matope akulowa m'nsapato.

"Mayi Nanyoni! Achimwene! Mukutisiya opanda moto? Mwaiwala mwambo wa makolo? Moto samanana!"

Mayi Nanyoni adaimitsa ng'ombe. Adamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chawo, adatulutsa bokosi la machesi, n'kulipereka ndi manja awiri mwaulemu wonse.

"Zoona, a Tcheya. Moto samanana. Mupale mmene mungafunire."

Matimati adakwera lole injini yake italira kale, madengu onse khumi ndi awiri. Odutsa padambo paja masana akuti adapeza machesi ali patsogolo pa a Tcheya, komiti itazungulira, ikukambirana za membala woyenera kuyatsa.