Telala Amene Anabweza Miyendo ya Mwanapiye

A telala a pakhonde pa golosale sankakhulupirira zoti padziko pano pali chinthu choyenera kutaya. Mubweretse thalauza lodyedwa ndi makoswe, ambulera yothyoka, ngakhale nkhani ya banja lomwe likugwedezeka, yankho linali limodzi: "Tibwezako pang'ono, zikhala bwino." Msewu wonse unkawatcha a Tibwezako. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo okha, nawonso ankalikumbuka akapsa mtima basi.

Mayiwo ankaweta nkhuku kuseri kwa nyumba. Tsiku lina thadzi linaswa mazira, ndipo m'chisa munatsala kamwanapiye kamodzi, konyowa, miyendo itatang'adza wina uku wina uko, maso ali mbuu. Make anachoka ndi anzake osacheuka n'komwe. Mayi anakanyamula pa fosholo kuti akakataye kudzala, osati mwankhanza, koma poona kuti kotere sikafika mawa.

Mwatsoka anakumana ndi amuna awo pakhomo, tepi ili m'khosi.

"Mukupita naye kuti kasitomala wanga?"

"Abambo, aka n'kakufa kale. Sikaona, sikaima."

"Sikaima chifukwa miyendo anaisoka motalikirana. Tibwezako."

Anakayezadi ndi tepi ija, nkhope ili gwa, ngati akuyeza bwana wa suti. Kenako anadula kalastiki n'kumanga timiyendo tija kuti tiyandikane, n'kukakhazika m'kapu ya tiyi ya mayi, atayalamo tinsanza. Mayi anayamba kumwera tiyi m'mbale.

Kudya ndiye kunali ntchito. Poti sikankaona, a telala ankakaviika mlomo m'chitsekerero cha botolo kuti kadziwe madzi, kenako n'kumagogoda ndi sizasi pafupi ndi chakudya kuti katsatire phokoso. Chakudya chake chinali dzira lophika, lopondaponda.

"Nkhuku kudya dzira, ife tikudya masamba?" anadandaula mayi.

"Wodwala ndi uyu, amayi. Mukadwala inu, ndikuphikirani awiri."

Kukazizira ankakaika m'thumba la malaya. Aphunzitsi ena atabwera kudzayezetsa thalauza, a telala anawerama kuti ayeze mwendo, thumba n'kulira kuti tsiyo! Aphunzitsi anadumpha mpaka pamsewu.

"Achimwene, mtima wanuwo mwapita nawo kuchipatala?"

"Imani bwino, aphunzitsi, mukudzutsa mwana."

Wogulitsa nyama naye anabwera atagwira kabudula m'chiuno ndi manja onse awiri.

"A Tibwezako, ndinakupatsani kabudula kuti mukonze thumba. Nanga lastiki yapita kuti?"

"Ili pantchito yofunika, akulu. Muzingogwira kaye choncho, mukuoneka aulemu."

Mayi ankachita manyazi ndi zonsezi, ndipo ankalalata mokwanira. Koma chimene chinkawasowetsa mtendere sichinali manyazi ayi. Ankawadziwa amuna awo: kamwanapiye kakanafa, munthu uja akanasweka mtima, chifukwa anali asanalepherepo poyera. Ndiye m'mawa uliwonse mayi ankalawirira kukasuzumira m'kapu, mtima uli m'mwamba, kuti ngati kauma akhale iwo oyamba kudziwa. Akakapeza kakupuma, ankakafunditsa bwino, n'kubwerera kukhitchini kukapitiriza kudandaula.

Tsiku lomasula lastiki, a telala anaitana wa golosale, aphunzitsi ndi aliyense wodutsa. Anakaika pansi. Kanagwedezeka, kanapendekeka, kenako kanaima! Kanayenda mwa befu, cham'mbali ngati woledzera, mpaka kukagunda mwendo wa makina. A telala anaomba m'manja ngati mwana, misozi ili m'maso. Mayi ananamizira utsi, ngakhale pakhonde panalibe moto.

Kamwanapiye kanakula n'kukhala tambala, koma tambala wake wosadziwa kucha. Anzake akamalira m'bandakucha iye amakhala ali m'tulo, n'kudzalira dzuwa lili paliwombo, anthu akudya.

"Tambala wanuyu wotchi yake inafa," ankatero wa golosale.

"Amadzutsa alonda, amenenso ndi anthu," ankayankha a telala.

Tambalayo ankakhala pansi pa mpando wa mbuye wake tsiku lonse, mutu utapendekera kumakina, kumvetsera nkhani za a telala zomwe ife tonse tinali titatopa nazo.

A Tibwezako sanadwale nthawi yaitali. Anangoti chifuwa chathina, ndipo kuchipatala analephera kubwezako. Pamaliro anthu anadzaza pakhomo, ndipo ndiwo zitachepa, mng'ono wawo wa malemu analowa kuseri ndi mpeni. Nkhuku zonse zinabalalika. Tambala yekha anaima pomwepo, atamva mapazi a mwamuna akubwera, n'kuyamba kuyenda cham'mbali kuti akawachingamire.

Mayi anadzuka pamphasa.

"Alamu, thamangitsani zinazo, muphe zonse ngati mukufuna. Ameneyo mumusiye."

"Mlamu, uyu ndi wosaona, akupindulirani chiyani?"

"Ndati mumusiye."

Masiku ano pakhonde pa golosale pali zii. Zovala zikang'ambika anthu amangotaya, ndipo wogulitsa nyama akadutsa amachepetsa liwiro, n'kuyang'ana kumbali. Makina ndi mpando mayi anazibweretsa kunyumba, ndipo tambala anazipeza yekha. Masana aliwonse mayi amagogoda pambale, iye n'kudya, kenako n'kukhala pansi pa mpando uja, mutu utapendekeka, kudikira kuti nkhani iyambe. Mayi amamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo amamusirira.

"Mwayi wako iwe," amatero pang'onopang'ono. "Sukuona kuti pampandopo palibe munthu."