A Laimoni pa Sikelo ya Nandolo

Pa Zalewa panalibe munthu wowerenga chakudya ngati malemu a Laimoni. Enafe timangosamba m'manja n'kuyamba, iwo ankayamba alemba. M'thumba la shati munkakhala kope ndi pensulo, ndipo kaya ndi paukwati kaya pamaliro, ankayang'ana mbale, n'kuyang'ana kumwamba milomo ikugwedera, kenako n'kulemba makalori. Mawu amenewa ambirife tinawamvera kwa iwo. Ankati ndi mphamvu yobisala m'chakudya, imene ukaichulutsa imakagona pamimba.

Ndipo mimbayo inalipo, abale. Mkuluyu anagwira ntchito yoyeza mbewu m'misika zaka makumi atatu, ndipo atapuma thupi linangobwera lokha. Akamatuluka m'golosale, mimba inkayamba kupereka moni eniake akadali m'kati. Akabaza akawaona chapatali ankagwada n'kuyamba kukonza tcheni chabwinobwino.

Kuchipatala anawauza kuti magazi akuthamanga kwambiri, achepetse thupi. Mwana wawo Tisungeni anawatumizira pepala kuchokera ku Blantyre, lokhala ndi mayina a zakudya ndi makalori ake. Kungoti pepalalo linalembedwa ndi anthu osadziwa Zalewa. Munali buledi, mpunga, tchizi ndi zipatso zina zoti sitinazionepo. Zitumbuwa munalibe, thobwa munalibe, mang'ina munalibe.

"Bambo a Tisungeni, chitumbuwa chachinayi chimenecho," ankatero akazi awo, mayi Dorica.

"Chili papepala?"

"Ayi."

"Ndiye mukufuna ndilembe zabodza, mayi? Ziro."

Koma tisawanamizire, ankayesetsa. Shuga mu tiyi anasiya. Nsima ankadya mtanda umodzi, woyeza ndi chikho. M'mawa uliwonse ankayenda mpaka pa mlatho wa Shire n'kubwerera, thukuta lili kamukamu. Anachita zimenezi miyezi isanu ndi itatu, koma sikelo ya kuchipatala inangokakamira pa makilo 112 ngati mbuzi yokana kuwoloka. Chinkawapweteka kwambiri si nambalayo ayi, koma kuti woyeza ankaitchula mokweza kuti wolemba amve, anthu a pamzere nawonso n'kumva. Tsiku lina mayi wina anati, "Matumba awiri ndi basela," mzere wonse n'kufa ndi phwete. A Laimoni anaseka nawo, koma pobwerera anadzera njira ya kuseri kwa msika.

Apa m'pamene nkhaniyi ikumukhudza Wyson, uja amagula nandolo m'shedi ya malata pafupi ndi siteji. Sikelo yake inali yopachika kumtanda wa denga, ndipo inali ndi chinsinsi. Anaichita zina m'kati moti pa makilo khumi aliwonse inkameza imodzi. Alimi ankang'ung'udza, koma umboni analibe.

Lachisanu lina masana, shedi ilibe anthu, a Laimoni analowa akucheukacheuka.

"Iwe Wyson, sikelo yakoyi imanyamula zingati?"

"Handiredi fifite, achikulire. Muli ndi nandolo?"

"Ndili ndi ineyo."

Wyson anapinda chiguduli ngati katungwe n'kuchikoloweka kumbedza. A Laimoni anavula nsapato, anatulutsa makiyi, foni ndi pensulo yomwe, n'kukhalapo miyendo ili m'malere. Denga linalira. Muvi unaima pa 101, pamwamba pa mutu wawo pamene sakanatha kuona. Wyson anauyang'ana muviwo. Kunena kuti sikelo ikunama kunali kudziulula yekha kuti amabera alimi. Anawerama n'kuwanong'oneza, "Handiredi wani."

Mkuluyo analendewera uku ndi uku. Kenako anati, "Tabwereza, mwanawe." Wyson anabwereza, monong'ona momwemo.

Dzuwa lisanalowe Zalewa yonse inali itamva. Aliyense wowapatsa moni ankamuyankha kuti, "Tili bwino, ndipo sikelo ya Wyson ikuti handiredi wani." Thalauza anapita nalo kwa telala kuti alibweze. Telala anayeza chiuno, anapeza palibe chobweza, ndiye pochita ulemu anamasula batani n'kulisokanso pomwe linali. Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse a Laimoni ankabwera kudzalendewera, ndipo kuchipatala anasiyiratu.

Wyson manyazi ankamudya. Mayi Dorica anamubweretsera nsengwa ya manachesi, ati kuthokoza kuti bambo ayambanso kuyenda mumsika mutu uli m'mwamba.

"Koma muziwauzako a Wyson, inu amakumverani," anatero mayiwo. "Mankhwala a magazi aja atha mwezi watha. Akuti kuja sapitako, sikelo yake ndi yamwano."

Manachesiwo Wyson sanadye ngakhale limodzi. Lachisanu lotsatira analimba mtima. Tsoka lake, tsikulo m'shedi munali alimi atatu atakhalira matumba awo.

"Achikulire, sikelo iyi..."

"Yatani?"

Alimi aja anadzutsa mitu. Wyson anawayang'ana.

"Yakalamba."

"Tonse takalamba. Koloweka chiguduli."

Anakoloweka, n'kunong'onanso bodza lija. Ankadziuza kuti nyengo ya nandolo ikangotha adzawauza zonse, ndipo adzawaperekeza yekha kuchipatala. Paja mawamawa adapha njiri.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa la Zalewa lija loti dzira likhoza kupsa pamsewu, a Laimoni anagwa pobwera ku mlatho. Mbali imodzi ya thupi inauma, ndipo patapita masiku awiri anatisiya. Popita kumanda onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi, mpaka wina ananong'oneza mnzake kuti, "Handiredi wani yake ndi imeneyi?" Ena anabisa kuseka m'zipewa. Wyson anali m'gulu la onyamulawo ndipo sanaseke. Munthu wakula akusenza matumba, phewa lake silinama. Anakana kusinthana ndi aliyense mpaka anafika.

Patatha sabata mayi Dorica anabwera kushedi ndi kope lija. Wyson anawapatsa thumba kuti akhalire, iye anangoima, manja osadziwa powaika.

"Tawerengani apa," anatero mayiwo.

Linali tsamba la Lachisanu loyamba lija. A Laimoni analemba ndi dzanja lawo losamala: Ya Wyson, 101. Kubwezera chimene imameza, 112. Lachisanu lililonse panali nambala ziwiri zomwezo. Pansi pa tsamba loyambalo panali mzere wina: Sikeloyi imaba, ndaimva nditangokhalapo. Koma mwanayu amanena motsitsa mawu.

Wyson anakhala pansi, padothi penipeni.

"Ankadziwa?"

"Munthu wayeza mbewu zaka makumi atatu, mumati sangadziwe?" Mayi Dorica anatseka kope n'kulimanga pansonga ya chitenje. "Sindinabwere kudzakuimbani mlandu wa imfa. Kuchipatala anasiya okha, ndi manyazi awo. Kungoti iwowo ankatha kubwezera makilo awo m'kope. Alimi anu aja alibe kope, a Wyson."

Ananyamuka osatsanzika.

Zalewa ikadali Zalewa yomweyo, mabasi akuima, ogulitsa akuthamangira mawindo. Koma mayi wa zitumbuwa amati tsiku lililonse zimamutsalira zinayi, ndipo mpaka lero sanazolowere kuchepetsa ufa. Paukwati timadya popanda wotiwerengera, chakudyacho n'kumangopita mwakachetechete. Chiguduli chija chikadali pamsomali m'shedi, ndipo Wyson salola munthu kuchigwiritsa ntchito.

Sikelo anaitsitsa tsiku lomwe mayi Dorica anabwera lija n'kuikonza. Sanauze munthu, ndipo mpaka pano sanapezebe pakamwa pouzira. Chaka chino akapachika thumba amatembenuzira muvi kwa mlimi kuti adzionere yekha. Tsiku lina bambo wina wa ku Lisungwi, amene wakhala akugulitsa pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi, anayang'ana muviwo kawiri n'kupukusa mutu.

"Munda womwewo, matumba omwewo. Koma nandolo wa chaka chino walemera bwanji, a Wyson?"

"Mvula inagwa bwino," anayankha Wyson, maso ali pansi.