Makina Khumi ndi Awiri a Dona Vanda

Pulano yonse inabadwira pa baraka yomwera mowa ya Albertina ku Canongola, Lachisanu masana, dzuwa la ku Tete likukazinga malata ngati mtedza. Patebulo panali amuna atatu ndi nzeru zosakwana munthu mmodzi.

Mkulu wa gululi anali Domingos, yemwe anzake ankamutcha Enjenyeru chifukwa tsiku lina anakonza wailesi poimenya mbama. Wachiwiri anali Tiago Chimimba, munthu amene mimba yake inkayamba kulonjera iye akadali panjira. Wachitatu anali Jacinto Utsi, mwini kamiyau, lole yokalamba imene ikadutsa, amayi ankathamangira kukanula zovala pachingwe.

"Abale, umphawi tautsanzika," anatero Enjenyeru akugogoda botolo patebulo. "Dzulo mu shapa, minibasi ija, ndinakhala pafupi ndi Dona Vanda, mayi wa makomputadori pa kampani ya magalimoto akatundu ija ili njira ya ku Mpadue. Amalankhula pa selula osadziwa kuti pambali pake pakhala khutu. Akuti Lamulungu akulowetsa makina khumi ndi awiri. Importar, Chimimba! Katundu wakunja!"

"Makina a chiyani, shefe?"

"Virtual."

"Chimenecho n'chiyani?"

"Ndi dzina la fakitale. Ya ku Jeremani. Zinthu zolemera maninge, kwambiri zedi."

Utsi anakanda chibwano. "Nanga makamera?"

"Apo ndiye pokoma. Makamera ndi maloko a zitseko zikhala zakufa mpaka atamaliza. Ndipo mayiyo sapita n'komwe ku ofesi. Akuti zonse adutsira kwa Api."

"Api ndi ndani?"

"Bwana wolowetsa katundu. Ine ndimamudziwa bwino. Wamtali, wandevu."

Tsono inu amene mukumva nkhaniyi, ndikuuzeni zimene Enjenyeru sanamve. Makomputadori akale a kampaniyo, oyendetsa makamera, maloko ndi kulondola magalimoto pamsewu, anali atatopa. Vanda anakopera zam'kati mwa iliyonse n'kuziika m'fayilo imene amaitcha chithunzi cha disiki. Ntchito yake inali kuthira mafayilowo m'komputadori imodzi yaikulu, momwe fayilo iliyonse imadzuka n'kukhala makina paokha, opanda thupi, opanda chogwira. API si munthu ndipo ilibe ndevu. Ndi khomo limene pulogalamu imalankhulira ndi pulogalamu inzake. Abwana a kampaniyo anali atamuuza kale Vanda kuti Lolemba m'mawa magalimoto akapanda kuoneka pa sikirini, asavutike kubwera.

Lamulungu, nthawi imene ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa magalimoto, kamiyau ya Utsi inaima pachipata. Atatuwo anatsika atavala malaya a ntchito obwereka.

"Tiyu, malume athu, tatumidwa ndi a Api," Enjenyeru anauza mlonda, bambo wina wachikulire dzina lake Ilídio. "Za makina zija."

Ilídio anali atamva dzina limeneli sabata yathunthu pakamwa pa Dona Vanda. Anatsegula chipata n'kubwerera pamthunzi.

Anafufuza ofesi yoyamba: mipando. Yachiwiri: makalenda ndi ketulo. Thukuta linali kuyenderera mpaka m'nsapato, moti anavula malaya n'kuwapachika pakhonde. Kenako Chimimba anakankha chitseko chachitsulo cha kumapeto, ndipo mpweya wozizira unamupsompsona pamimba.

"Epa!" anafuula. "Shefe, ndapeza kumwamba!"

M'kachipindamo munali bokosi limodzi lakuda lomangirira pachitsulo, timagetsi tobiriwira tikuphethira, ndi choziziritsa mpweya chikung'ung'uza pakhoma.

"Makina khumi ndi awiri ali kuti?" anafunsa Utsi.

Enjenyeru analiyang'ana bokosilo monga dokotala. "Ichi ndi chitsanzo chabe. Katundu weniweni sanafike, Api wachedwa pa mlatho. Tidikire konkuno."

Palibe anatsutsa. Chimimba anapeza komandu, rimoti ya choziziritsira, naidinadina mpaka nambala inafika pansi penipeni, kenako anakhala pansi n'kutambasula miyendo ngati mwini kampani.

Nthawi yomweyo ku Chimadzi, Vanda anali pakhonde la nyumba yake, komputadori pamiyendo, mtima m'mwamba. Anatumiza lamulo loyamba, makina anakana: chiphaso chake chinali chitatha mphamvu. Anapempha chatsopano. Anatumizanso, anakananso: anali ataphonya chilembo chimodzi pa dzina la fayilo. Anatukwana mawu amene sindingabwereze pano, nakonza. Ulendo wachitatu kamzere kanayamba kuyenda pang'onopang'ono ngati kamba, mpaka kanadzaza. Anadzutsa makina oyamba, a makamera ndi maloko, n'kusiya mafayilo enawo akulowa.

Chithunzi choyamba chimene kamera inamutumizira chinali mchombo.

Ku Mpadue, maloko atadzuka, chitseko chachitsulo chinangoti khwapu.

"Ndani watseka?" anafunsa Utsi. Anakoka, anakankha, anamenya ndi phewa. Chitseko chinakhala phee.

"Musatekeseke," anatero Enjenyeru, ngakhale mawu ake anali atachepa. "Loko ameneyu ndi wa magetsi. Tikazula chingwe ichi, atseguka yekha."

Vanda anaona dzanja likupita pa chingwe cha bokosi lakuda lija, mafayilo khumi ndi imodzi akadali pakati pa ulendo. Anali ataimbira kale apolisi ndi Ilídio, koma palibe akanafika dzanjalo lisanafike. Anakumbukira kuti kamera ya m'chipindamo ili ndi kachokuzira mawu. Anadina.

"Bambo inu, chotsani dzanja pamenepo."

Atatuwo anayang'ana kudenga.

"Ndani akulankhula?" ananong'ona Chimimba.

Vanda anali atamva kwa Ilídio dzina limene analowera nalo. "Ndine Api," anayankha.

Utsi anatembenukira Enjenyeru. "Shefe, si paja munati wandevu?"

"Ameneyo ndi mkazi wake," anatero Enjenyeru, nagwada pang'ono kuyang'ana kamera. "Senyora, pepani, ife timangodikira katundu."

"Mwachita bwino. Makina amodzi alowa kale, ena ali m'njira. Chingwe chimenecho mukachikhudza, onse abwerera kumene achokera. Khalani pansi, manja pamawondo."

Anakhala pansi, manja pamawondo, ngati ana a katekisimu.

Apa ndi pamene kumwamba kunayamba kuluma. Malaya anali kunja. Chimimba anafufuza komandu kuti achepetse kuzizira, naipeza pansi pa matako ake itaphwatalala ngati chigumu. Mphepo inapitiriza kuwomba. Mano a Utsi anayamba kuimba. Pakapita kanthawi mawu ankatsika kudenga: "Achisanu alowa." Kenako: "Achisanu ndi chitatu alowa." Ndipo nthawi iliyonse Enjenyeru ankayang'ana kuchitseko kuti aone onyamula, koma kunalibe ngakhale phazi.

Makina omaliza atadzuka, Vanda anakwera chopela, njinga yamoto ya matayala atatu, n'kukakumana ndi apolisi pachipata. Chitseko chitatseguka, anapeza amuna atatu akuluakulu atakumbatirana pakona, Chimimba ali pakati chifukwa ndiye anali ndi kutentha kogawira anzake.

Enjenyeru, manja ali kumbuyo, sanathe kupirira. "Senyora, tamangidwa kale, palibe chobisa. Makinawo mwawaika kuti?"

Vanda anatsegula komputadori yake n'kumuonetsa timizere khumi ndi tiwiri tobiriwira. "Ndi awa. Onse akukhala m'bokosi munalikhalira pafupi lija."

"Nanga munthu amawanyamula bwanji?"

"Sanyamulika."

Utsi anatseka maso. "Ine kamiyau ndinaitsuka," anatero ndi mawu a munthu wofedwa. "Ndinayalamo ndi matiresi kuti katundu asakandike."

Apolisi anawatulutsa panja. Dzuwa linali likadaswa mtengo, phula likununkha, wapolisi wamkulu akudzipukuta khosi ndi mpango n'kufulumizitsa anthu kuti akwere galimoto. Chimimba anaima pakati pa bwalo, natseka maso, nalozetsa nkhope kumwamba.

"Shefe wanga," Chimimba anachonderera wapolisiyo, milomo ikunjenjemera, "mlandu sindikukana. Koma tandilolani ndiwothe kaye pang'ono."