Tsiku limene ndinavindikira kafukufuku wa alamu ndi sefuliya

Bola nkhaniyi ndiifotokoze ndekha, chifukwa mmene akuikambira amayi ogulitsa kabichi pamsewu pa Biriwiri, mungaganize kuti mutu wanga sukoka. Zina akuwonjezera. Koma zambiri, ndivomere, zinachitikadi.

Amuna anga, bambo a Tadala, ali ndi achemwali awo aakulu, a Nangozo, amene amaphunzitsa ku yunivesite. Ntchito yawo ndi kuwerengera pa kompyuta mmene amayendera mafunde osaoneka aja, onyamula mawu a foni ndi a wailesi: akagunda phiri amakhotera kuti, akagunda malata amabwerera bwanji. Akuti njira yawo yowerengera inatchuka, moti anthu ophunzira a kumaiko akutali akamalemba mabuku amatchulamo dzina lawo. (Ine ndinalekezera Sitandade 7. Alamu angawo akangondiyang'ana, ndimaiwala ngakhale chimene ndimafuna kunena.)

Anabwera kwathu nthawi yozizira, atanyamula kompyuta yopinda ndi kabokosi kakuda kokhala ndi kandodo pamwamba. Kabokosiko anakamangirira pansungwi yaitali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi zenera la chipinda chomwe ndimagona ndi mwana. Anati akufuna aone ngati zimene kompyuta yawerengera zikugwirizana ndi zimene zilidi m'mapiri athu ano, ndipo kakhale pamenepo masiku atatu osakhudzidwa.

M'mawa wa tsiku lachiwiri ndinkasesa pakhonde, Tadala ali kumsana. Anali ndi miyezi isanu ndi itatu, woyamba kubadwa, amene ndimadzuka kukamuika chala pamphuno kuti ndimve ngati akupuma. Alamu ankaonetsa mchimwene wawo mapu a mudzi wathu pa kompyuta paja. Ine tsache m'manja, diso lili pomwepo.

"Mukuona, achimwene? Uku kobiriwira ndi kutsetse kuja, kumunsi kwa mudzi. Uku kwachikasu ndi kumsewu. Ndiye apa pofiira kuti psuu ndi pano, panyumba panu. Mudzi wonse palibenso pena pofiira chonchi."

"Ha! Zoona?" anatero bambo a Tadala, n'kuseka.

Kuseka! Munthu akuuzidwa kuti nyumba yake yafika pofiira, iye mano pamtunda.

Amuna simungamvetse, chifukwa kusikelo simupitako. Kumeneko kuli kalamba kamene amakulunga pamkono wa mwana. Kakafika pobiriwira, umabwerera kwanu ukuimba. Pachikasu, amakukhazika pansi n'kukufunsa zimene mwana akudya. Pofiira, azaumoyo amasiya nthabwala, amatenga cholembera, ndipo tsiku lomwelo umapezeka kuchipatala. Mwana wa mnzanga anafikapo pofiira chaka chatha. Ndinamuona ndi maso angawa mmene analili.

Ndikanangofunsa, nkhani ikanathera pomwepo. Pakamwa ndinatsegula ndithu, koma manyazi anandiletsa. Ndinangomva alamu akupitiriza kuti, "Mafundewa amadutsa khoma, amadutsa udzu, koma akapeza chitsulo amabwerera." Atatero anakwera njinga yamoto ndi mchimwene wawo, ulendo ku Kandeu kukayeza za kumeneko, akuti abwera dzuwa litapendeka.

Ndinatsala ndekha ndi mwana panyumba yofiira.

Choyamba ndinathawira kukhitchini. Nditangokhala pansi ndinayamba kudzifunsa kuti kufiirako kukulekezera pati. Pa kompyuta paja kunali ngati chala chachikulu, koma chala cha pamapu ndi mapazi angati? Ndinanyamuka n'kupita kudimba. Kudimba Tadala anayetsemula. Kawiri! Ndinamugwira pachipumi, ndipo panali potentha. (Tinali padzuwa, ndikudziwa, musandiuze.)

Pamenepo m'pamene nzeru zinandibwerera, nzeru zimene ndikanakonda zikanatsala komwe zinali. Ndinati, kabokosi kaja kasanabwere, ndani anatiuzapo kuti nyumba yathu ndi yofiira? Palibe. Ndiye kuti n'komwe kakuitana mafundewa, ngati mmene usipa umaitanira ntchentche. Kuchotsa sindingathe, alamu anati kasakhudzidwe. Koma kuvindikira si kukhudza.

Ndinabwerera kunyumba, n'kugoneka mwana pamphasa, n'kutenga sefuliya yaikulu yophikira thobwa la paukwati. Ndinagubuduza mtondo mpaka pansi pa nsungwi ija, n'kuuvundikira, n'kukwerapo. Ulendo woyamba mtondo unagwedezeka, ine n'kugwa chagada, sefuliya kulira ngati belu la kutchalitchi, nkhuku zonse balala. Ulendo wachiwiri ndinakwanitsa. Kabokosi ndi kandodo kake zonse zinalowa m'sefuliya, ndipo ndinamanga ndi mphira wa njinga kuti mphepo isagwetse.

Koma nanga mafunde amene anali atafika kale? Ndinatenga mbale yachitsulo ya ndiwo, n'kumuveka Tadala kumutu, n'kumanga ndi duku pansi pa chibwano. Kumuponya kumsana, liwiro kwa azaumoyo, amene amakhala kutsidya kwa msewu. Njira yake ndi imodzi yokha: pakati penipeni pa amayi a kabichi.

"Mayi a Tadala, mwana mwamulembetsa usilikali?"

"Iyayi anzanga, akupita naye kukapempha ndiwo, mbale yanyamulidwa kale!"

Ndinangodutsa. Mbale ikungoti ngwe ngwe ngwe kugunda msana wanga, mwana akulira, ine ndikuthamanga.

Azaumoyo ndinawapeza akupopa njinga. Anayang'ana mwana, anayang'ana mbale, anandiyang'ana ine.

"Wagwa?"

"Ayi. Muyezeni mkono. Chonde, bambo, msanga."

Anatulutsa kalamba kaja, ine nditatseka maso. "Pobiriwira, mayi. Mwana wonenepa chonchi? Thupi silikutenthanso. Chavuta n'chiyani?"

"Nyumba yathu ndi imene yafika pofiira."

Anamasula kalamba kaja pamkono. Kenako anati, "Mayi, kalamba koyezera nyumba sanatipatse. Koma mbaleyo m'chotseni, mumupweteka makutu."

Ndinabwerera mtima utatsika pang'ono. Ndinaganiza kuti sefuliya yanga yagwira ntchito, ndapulumutsa mwana nthawi isanathe. Ndinakhala kukhitchini n'kumasenda mbatatesi, ndikudziyamikira chamumtima.

Alamu atafika sanamwe n'madzi omwe. Anatsegula kompyuta pakhonde kuti aone zimene kabokosi kalemba. Ndinkasuzumira pachitseko, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha.

"Sizingatheke. Achimwene, taonani mzere uwu. Kuyambira m'mawa wagwa pansi, ngati mudzi uno mulibe netiweki ngakhale pang'ono."

Anaimirira, anakhala, anaimiriranso. Anaimbira foni mnzawo wa kuntchito, akuzungulira pabwalo, Chingerezi chikuthamanga ngati madzi a m'ngalande. Ndinangotolapo za Chichewa zokha: "Ngati izi zili zoona, ndiye kuti mawerengedwe anga ali ndi bowo, ndipo anthu onse amene akhala akuwagwiritsa ntchito ndawasocheretsa." Mbatatesi imene ndinkasenda inatsala ngati nsawawa.

Kenako anazungulira kuseri kwa nyumba.

"Mlamu! Mayi a Tadala! Tabwerani kuno."

Ndinasiya mpeni n'kupita. Sefuliya ili pamwamba pa nsungwi, ikunyezimira padzuwa. Bambo a Tadala atangoiona anakhala pansi n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Mwavindikira ndinu?" anafunsa alamu.

Ndinagwada. Mawu anatuluka onse pakamodzi, pamodzi ndi misozi: za pofiira, za kalamba ka kusikelo, za mwana wa mnzanga, za kuyetsemula kawiri. Ndinkadikira kukalipiridwa m'Chingerezi.

Alamu sanaseke. Anauza mchimwene wawo kuti, "Inu khalani chete, kusikelo munapitako liti?" Kenako anandidzutsa n'kundikhazika pafupi ndi kompyuta.

"Mlamu, kabokosi aka sikatulutsa kanthu, sikaitananso kanthu. Kali ngati khutu, kamangomvetsera. Pofiira apa ndi pamene netiweki imagwira bwino kuposa pena paliponse. Simuona anthu akubwera kudzaimbira foni pabwalo panu? Mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, singamuchite kanthu mwana. Tsiku lina akadzadwaladi, inu simudzakwera phiri kuti muitane thandizo."

"Nanga n'chifukwa chiyani munapaka pofiira, alamu? Chinthu chabwino amapaka pofiira?"

Anayang'ananso mapu aja. "Zaka zonsezi ndaonetsa mapu awa kwa anthu ophunzira, palibe anandifunsapo zimenezo. Timangotero, pamphamvu timaika pofiira. Mtunduwo ndimasankha ndine."

Anadina kamodzi. Kamodzi kokha! Nyumba yathu inasanduka yobiriwira, kutsetse kuja n'kufiira.

Sefuliya inatsitsidwa, ndipo alamu anachita kuwonjezera masiku chifukwa tsiku lonse linali litawonongeka. Ndinawatumikira ngati mlendo wochokera kumwamba, madzi osamba otentha kawiri pa tsiku. Pochoka anandiuza kuti mapu onse okaonetsa kumidzi sadzaikanso pofiira pamalo abwino, ndiponso kuti ophunzira awo adzamva nkhani ya sefuliya. Ndinawapempha kuti asatchule mudzi.

Ndikudziwa kuti chala cha alamu sichinasinthe kanthu. Mafunde ndi omwewo, nyumba ndi yomweyo, anandifotokozera kawiri ndipo ndinamva. Komabe mtima wanga unakhazikika pokhapokha nditaona pobiriwira. Ndipo ndisaname: kuyambira tsiku limenelo, kutsetse kuja sindidutsako nditabereka Tadala. Ndimazungulira.