Mlandu wa kapitawo wa m'kompyuta

Ndiyambe ndi kutchula onse amene analipo tsiku limenelo, kuti wina akamaikamba mokhota nkhaniyi kwathu kuno pa Chonde mudziwe kumene bodza lachokera. Panali ine mwini wake. Panali mayi a kunyumba, amake Lusiyano. Panali alamu anga a Nakhumwa, omwe ndi malume ake a mwanayo ndipo salola kuti ndiiwale zimenezo. Panali a Sitolo okonza njinga, amene palibe anawaitana. Panali Lusiyano mwana wanga, ngakhale pa nthawi yofunikayo anali atachokapo. Ndiye panali anthu awiri a m'galasi la kompyuta, mwamuna ndi mkazi. Ulemu wanga unathera pa awiriwa, koma mpaka lero ndikukana kuti wolakwa ndinali ndekha.

Lusiyano ntchito yake ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta. Musandifunse zambiri, ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3 (sikunali kulephera ayi, kunali kusowa kabudula). Chimene ndikudziwa n'chakuti bungwe lina la alimi a tiyi kuno kwathu linamupatsa ntchito yopanga pulogalamu ya pa sikelo, kuti mlimi akapachika thumba la masamba, dzina lake ndi kulemera kwa thumbalo zizilowa zokha m'makina. Poyamba inkayenda bwino, ine n'kumadutsa pamsika chifuwa chili patsogolo. Mvula itagwa, tiyi n'kuchuluka, pulogalamu ija inayamba kukwawa. Mlimi apachike thumba, makina aganize, aganizenso, mzere ufike kumsewu, masamba akufota padzuwa. Anthu anayamba kundipatsa moni akuyang'ana kumbali. Abwana a bungwelo anamuuza mwanayo kuti sabata imeneyo ikatha zinthu zili chomwecho, ntchitoyo apatsa wina.

Ndiye mwanayo anagula chida kwa kampani ina yakunja, choti chimuthandize kupeza pamene pakuchedwa. Atatifotokozera, ine ndinamva msanga kuposa alamu anga. Akuti m'kati mwa pulogalamu muli tizigawo tambirimbiri, kalikonse ndi ntchito yake, ndipo chidacho chimaima kumbuyo kwa kalikonse ndi wotchi n'kumaona kamene kakuchedwetsa tinzake. Ndinati basi, ameneyo ndi kapitawo. Ine ukapitawo ndagwira ku esiteti mpaka kumera imvi, waulesi ndinkamudziwa ndi kayendedwe akali kuchipata.

Koma kapitawo wake ameneyu, anthuni. Akangolowa m'munda ntchito yonse imachedwa kuposa kale, chifukwa iye amakhala pakati pa njira ndipo amadya kuposa antchito. Akamaliza kuzonda amakujambulira mizere yofiira ndi yachikasu n'kukuuza kuti waulesi alipo ndithu, ali cha apa, koma kuti akutchulire dzina ugule kaye chida chachikulu. Mwana wanga anagula chachikulucho. Chinakana kutseguka. Analembera kampaniyo, inayankha kuti dandaulo lanu talilandira ndipo ndinu ofunika kwa ife. Analembanso, yankho lomwelo, osasintha ndi kadontho komwe. Ine ndikanachita zimenezo ku esiteti akanandipirikitsa ndi agalu.

Mwanayo anawonda. Kalongonda wa amake, nyemba zimene amatha kumaliza mbale yekha, ankangomutokosa ndi chala.

Potsiriza kampani ija inalola kuti munthu wawo wa ku Blantyre alankhule naye pa kompyuta, maso ndi maso, kwa kanthawi kochepa kamene iwo anaika. Abwana a bungwe nawonso anati adzakhalapo, adzimvere okha ngati vuto lili kwa mwanayo kapena kwa ogulitsa. Ine nditamva ndinati uwu ndi mlandu, ndipo mwana sapita pa mlandu yekha bambo wake ali moyo. Ndinatulutsa suti yanga ya bulawuni. Lusiyano anandichonderera kuti ndingokhala pambali osalankhula, ine n'kuvomera (ndinavomeradi, amake ndi mboni).

Netiweki kwathu imagwira pansi pa mtengo wa mapeyala basi, choncho tebulo tinalitulutsa panja. A Nakhumwa anabwera ndi mpando wawowawo, akuti nkhani ya mwana wa mlongo wawo singakambidwe iwo kulibe. A Sitolo anatsamiritsa njinga pamtengo, akuti akufuna mthunzi. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, ndipo nkhope ziwiri zija zitangotulukira m'galasi, kompyuta inayamba kulira kuti moto watha. Lusiyano anapepesa m'Chizungu, n'kuthamangira kwa aneba a sola kukabwereka batire. Akunyamuka anati, "Ababa, musakhudze chilichonse."

Ndipo sindinakhudze chilichonse. Ndinangokhala pa mpando wake.

Tsono tamvani zimene ndinaona, mundiweruze nokha. Kumanja kunali mwamuna wa taye, ali mu ofesi yonyezimira, kumbuyo kwake mabuku ndandanda ndi duwa m'botolo. Anamwetulira mano onse, n'kundipatsa moni wa Chichewa chenicheni, kufunsa ngati ndine bambo wake wa Lusiyano, n'kunena kuti ndalera bwino. Ndinati mumtima, awa ndiwo abwana, ulemu wokha ukuonetsa. Kumanzere kunali mayi wa duku, nkhope yokwinya, kumbuyo kwake matumba ndi phokoso. Moni wake unali wongogwedeza mutu, maso ali pa wotchi. Munthu wosayankha makalata ndi munthu wosapereka moni, kwa ine ndi mmodzi yemweyo.

A Nakhumwa anandinong'oneza kuti alamu, dikirani mwana abwere. Akanakhala chete mwina ndikanadikira.

"Mayi," ndinatero, "ine ndine bambo wake wa mwana amene mukumuzunzayu, ndipo lero mumva."

Ndinawauza kuti kapitawo wawo ndi mbava. Ndinawauza kuti munthu wogulitsa khasu lopanda mpini, kenaka n'kukugulitsa mpini wosalowa m'khasumo, pa Chonde timamuvula malaya pakati pa msika. Ndinawafunsa ngati "ndinu ofunika kwa ife" amatha kuumitsa (kapena kuti kufewetsa, kaya) masamba ofota. Mayi uja anayesa kulowererapo, akuti bambo pepani, ine ndine, koma ndinamudula. Ndinati ine ndikamalankhula ku esiteti ngakhale thirakitala inkadikira. Mawu anga si ang'ono, azimayi opita kuchigayo anatula matumba m'mbali mwa njira kuti amve bwino. Ndinamufunsa ngati ali ndi ana. Ndinamufunsanso (apa ndikuvomera kuti ndinapitirira malire) ngati mwamuna wake amadziwa ntchito imene iye amagwira.

Nthawi yonseyo mwamuna wa taye ankangogwedeza mutu mwaulemu, n'kumati abambo akunena zoona, tikumvetsa. Zimenezi zinandipatsa mphamvu. Ndinatembenukira kwa iye, ndinatsitsa mawu ngati mmene amuna amalankhulirana, ndinati bwana, inu ndinu munthu wa Mulungu, musamuchotse mwana wanga chifukwa cha mayi uyu. Ndinawonjezera kuti mwanayo amadandaula kunyumba kuno kuti makina a pa sikelo paja ndi akale, otha ntchito, kungoti amaopa kukuuzani. Gulani atsopano bwana, musaumire.

Kumwetulira kuja kunakula mpaka m'makutu.

"Ndiye kuti makina ndi akale? Zikomo kwambiri bambo, ndalemba. Vuto si chida chathu."

Chida chathu.  Pomwepo Lusiyano anatulukira kuseri kwa nthochi batire ili paphewa, thukuta lili kamukamu. Anayang'ana ine, anayang'ana galasi, anayang'ana azimayi a kuchigayo aja.

"Ababa, a duku awo ndi mayi Muhiwa. Abwana anga."

Wa taye uja anati mwatsoka nthawi imene anatipatsa yatha, koma tisadandaule, dandaulo lathu alilandira ndipo ndife ofunika kwa iwo. N'kuzimiririka. Funso la mwana wanga, limene anadikira nalo masiku onsewa, silinafunsidwe n'komwe.

Panatsala mayi Muhiwa. Anandifunsa modekha ngati ndamaliza. Anati wotchi amayang'ana chifukwa phokoso la kumbuyo kwawolo ndi alimi amene aima pamzere kuyambira mbandakucha. Anati ana ali nawo, ndipo mwamuna wawo ntchito yawo amaidziwa bwino, ali pamzere pomwepo ndi thumba lake. Kenaka anati Lusiyano, tilankhulana, galasi n'kuda.

Amake Lusiyano analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. A Sitolo anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. A Nakhumwa anangonyamula mpando wawo pang'onopang'ono, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanatukwana.

Tsono ndifunse. Mwana amene wakhala akunena kuti abwana, abwana, miyezi yonseyi, chinamuletsa n'chiyani kunena kuti abwanawo amavala duku? Nanga ofesi yonyezimira ija? Lusiyano akuti si ofesi ayi, n'chithunzi chongomata kumbuyo, munthuyo mwina anali m'chipinda chake chogona atavala taye ndi kabudula. Chithunzi! Ndiye munthu wamkulu ngati ine adziwe bwanji, pamene wakuba ndi amene akupereka moni, mabuku ake n'ngabodza, duwa lake n'labodza? Kale wokugulitsa chinthu chakufa unkamudziwa pakhomo pake, unkapita ndi mboni n'kukhala pakhonde mpaka atuluke. Awa alibe khonde. Ndikanakalipira munthu wake, mawu onse aja anali olondola, palibe limodzi loti ndibweze.

M'mawa mwake ndinagwira tambala wanga wofiira n'kupita naye ku sikelo, osavala suti. Ndinaima pamzere ngati wina aliyense, ndipo ndinaona ndi maso anga mmene makina aja amaganizira. Dzuwa linandiwotcha pa dazi. Bambo wina wa thumba patsogolo panga anatembenuka n'kundifunsa ngati ndine amene ndimafuna kudziwa za ntchito ya akazi ake. Ndinati ndine. Anandipatsa malo ake. Mayi Muhiwa analandira tambalayo, anamuyeza ndi dzanja, anandiuza kuti ndipite bwino. Za ntchito ya mwanayo sananene chilichonse, ndipo ine kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinafunse.

Madzulo ake ndinakhala pansi pa mapeyala paja ndekha. Lusiyano anabwera foni ili m'manja, n'kukhala pa muzu. Ine ndinkangodikira kumva kuti ntchito yatha.

"Ababa, mayi Muhiwa andiwonjezera sabata ina. Awaimbira okha a kampani aja, ndipo Lachiwiri tikumananso. Akuti mubwere ndi suti yomwe ija, ndi mawu omwe aja, osachotsapo ngakhale limodzi. Koma chonde, musatsegule pakamwa mpaka ine nditakulozerani ndi chala."