Chuma cha ku Norway m'munda mwanga wa mtedza

Chaka chino nsinjiro ndikuchita kugula ku Nsaru, ine amene ndinalima mtedza munda wonse. Musamve kwa ena, ndikuuzeni ndekha.

Unali mtedza woyamba kulima ndekha chimwalirireni bambo akunyumba. Kutatsala masabata atatu kuti ukhwime, msuweni wanga, a Yohane, anabwera kuchokera ku Joni ndi makina ofufuzira zitsulo m'nthaka. Ndi ndodo yokhala ndi kambale kunsonga, ikamva chitsulo imalira.

"Mkazi wanga," anatero, poti pachisuweni timaitanana choncho, "tandibwerekani munda ndiyesere."

"Muyende pakati pa mizere. Mtedza wanga musaponde."

Makina analira pafupi ndi chulu. Titakumba tinapeza kachitsulo kolemera, kojambulidwa njoka ziwiri zopiringizana, zikulumana michira. A Yohane anakhala pansi, n'kundionetsa zithunzi pafoni. Akuti kudziko lozizira la Norway anthu amatola zoterezi m'minda, zomwe amayi akalekale ankamangira zovala pachifuwa. Kunena zoona, zinkafanana.

"Nanga zafika bwanji ku Kabudula kuno?"

"Eni ake anali anthu a mabwato, msuweni. Ankafika paliponse."

(Kwathu kuno ngakhale dambo limauma dzinja likangotha. Koma tsiku limenelo mutu sunagwire.)

Amene ananena kuti tizule mtedza ndi ine, a Yohane ndisawanamizire. Masiku awiri makina akalira, ine kuzula. Tinapeza khasu lakutha, misomali ndi chivindikiro cha poto. Anthu anadzaza m'munda kudzaonerera. Kachitsulo kaja ndinakatsuka ndi phulusa ndi ndimu, n'kukamangirira pachifuwa ngati amayi a ku Norway.

Kenaka anafika alamu anga, aNabanda, mlongo wawo wa malemu. Anandiyang'ana pachifuwa nthawi yaitali.

"Mlamu, chitsulo cha lamba wa achimwene mwachipeza eti?"

"Lamba uti?"

"Wa pakaunjika uja. Mwaiwala tsiku lomwe anapita kuseri kwa chuluchi kukadzithandiza, njuchi n'kuwathamangitsa? Si anafika kunyumba atagwira buluku ndi manja awiri?"

Ndinatembenuza kachitsuloko. Kumbuyo kunali kasipoko ka njinga komwe malemu anapinda okha kachitsuloka katathyoka. Ndinaseka mpaka kukhala pansi pa mtedza wozulazulawo. Misozi inatuluka, ina ya kuseka, ina ayi.

A Yohane anali atayamba kale kuyenda chamumbali, makina ali paphewa.

"Amuna anga, mukupita ku Norway kodi?"

Sanatembenuke.

Mtedza wosakhwimawo tinawiritsa, mudzi wonse kudya sabata yathunthu. Wambewu anandipatsa alamu omwewo, akusekabe. Kachitsulo kali m'sutikesi pamodzi ndi nsalu yanga ya kutchalitchi, ndipo ndikakatulutsa mtima umakhala m'malo.

Dzana a Yohane anati makina aja analiranso kumunda kwanga kwa chimanga. Ndawauza kuti abwere tikakolola. Malemu anatayakonso wotchi kumeneko.